Orrin Tveit, Nambala 3

Ndege zathu sizinyamula anthu, koma a Orrin Tveit sankanyamuka asanapereke moni kwa okwera. Tikangotseka zitseko pa bwalo la ndege la Anchorage, ankatenga cholankhulira n'kuyamba ndi mawu awo aulesi aja: "Okwera athu okondedwa, takulandirani. Ulendo wa lero ndi wa maola asanu ndi awiri. A nkhanu amene muli kumbuyoko, chonde musatsinane." Kumbuyoko kunalibe womva, kunali mabokosi okhaokha omangidwa ndi maukonde mpaka kudenga. Tsiku loyamba kuuluka nawo ndinaganiza kuti andipatsa kaputeni wozungulira mutu. Pomatha chaka ndinkachita kupempha kuti andiike ulendo umodzi ndi iwo.

Ine ndine Corinne, wothandizira kaputeni, wa mpando wa kumanja. Kwathu ndi ku Louisiana kotentha, ndipo kuzizira kwa kuno sindinakukhululukirebe. Nambala yanga inali 618.

Kwa ife nambala ndiyo zonse. Tsiku limene walembedwa ntchito amakuika pansi pa mndandanda wa oyendetsa ndege onse a kampani, ndipo umakwera pokhapokha wina wa pamwamba pako akachoka. Luso silikweza munthu, kusekerera mabwana n'kutaya nthawi. Wa pamwamba ndiye amayamba kusankha maulendo, masiku opuma ndi Khirisimasi ya pakhomo. Ife a kumchira timatola zotsala. Zinthu zikavuta, kudula amayambira kumchira komweko. Tinalipo 640. Olembedwa tsiku limodzi amawasanja potsata kubadwa, wamkulu patsogolo, n'chifukwa chake Lyle Petrakis, amene ndinalowa naye ntchito m'mawa umodzi, anali 619. Ndinamuposa ndi miyezi inayi yokha, ndipo ankanditcha "akulu" pofuna kundiputa.

A Orrin anali nambala 3. Anabadwira ku Petersburg, tauni ya asodzi ya pa chilumba, ndipo bambo awo ankafuna kuti adzalandire boti. Koma mwanayo akamakoka ukonde maso ankakhala m'mwamba, kudikira kandege kotera pamadzi kamene kankabweretsa makalata. Anaphunzira kuuluka ponyamula ufa, mankhwala ndi agalu kupita ku midzi yopanda msewu, kutera pa miyala m'chilimwe ndi pa mitsinje youndana m'nyengo yozizira. Atalowa kampani yathu anali wotsiriza pa mndandanda, ndipo pasanathe zaka zitatu malonda anagwa, iwo n'kuuzidwa kuti akadikire pakhomo, opanda malipiro, mpaka adzawaitanenso. Anadikira zaka zinayi pa boti lomwe lija analithawa. Ankati fungo la nsomba linawachoka m'manja atafika nambala 200.

Munthuyu ankalota ali maso. Asananyamuke ankawerenga pepala la katundu ngati kalata yochokera kwa abale. Akaona kuti tanyamula zipatso za matcheri, ankayamba kupeka za mayi wina wa ku Osaka amene adzagule asanu okha n'kukaika pambale ya mwamuna wake wodwala. Tikanyamula mahatchi ankapita kumbuyo kukawauza mayina a zilumba zimene tikudutsa. Tsiku lina tinanyamula bokosi lalitali la maliro, ndipo ulendo wonsewo analankhula monong'ona, potera n'kuyika matayala pansi mofewa moti sindinamve kuti tafika. Ine ndine wa mtima wapachala, ndimakalipira mitambo, ndimakalipira khofi wozizira, koma pambali pawo ndinkapezeka ndakhala chete, ndikuyang'ana mapiri oyera akusuntha pang'onopang'ono pansi pathu.

Loto lawo lenileni aliyense ankalidziwa. Lamulo limati woyendetsa ndege akakwanitsa zaka 65 atsike. Nambala 1 ankakwanitsa mu Epulo, nambala 2 kumapeto kwa Meyi, a Orrin mu Julaye. Pakatipo panali masabata asanu ndi awiri oti iwo adzakhale nambala 1, atakwera makwerero amenewo zaka 37.

"Ndiye mudzatani nawo masabata amenewo, a Kaputeni?" ndinawafunsa tsiku lina. "Amapatsa chisoti?"

"Sindidzatani, mayi 618. Ndizidzangotsegula mndandanda m'mawa uliwonse, ndione pamwamba panga palibe munthu. Mukudziwa muja timatulukira pamwamba pa mitambo, kutsogolo kuli mbee? Basi, chomwecho."

Ulendo wawo wotsiriza anali ataukonza kale m'mutu. Mwambo wathu ndi woti kaputeni akamatera komaliza, magalimoto awiri ozimitsa moto amaima uku ndi uku n'kupopera madzi m'mwamba, ndege n'kudutsa pansi pake. A Orrin ankafuna kudzatera mu Julaye, pamene dzuwa la kuno limaiwala kulowa, kuti m'madzimo mudzaoneke utawaleza. Akazi awo, mayi Solveig, anali atasankha kale malo odzaimapo kuseri kwa mpanda.

Mu Okutobala kampani inalengeza kuti katundu wachepa, ndege zitatu ziimikidwa, ndipo oyendetsa 40 a kumchira, kuyambira 601 mpaka 640, akadikira pakhomo kuyambira mu Febuluwale. Ine ndinali pakati penipeni pa ng'anjoyo. Ndinali nditadikira zaka 11 kuti ndipeze mpando umenewu, ndikuphunzitsa ana a anthu olemera kuuluka pa tindege tonunkha mafuta, ndipo ndinkadziwa kuti amene anauzidwa kudikira ulendo wapitawo ena anaitanidwanso patatha zaka zisanu ndi chimodzi, ena imvi zitamera. Mantha anandigwira, ndipo ine mantha akandigwira ndimasanduka wamwano.

Bungwe lathu la oyendetsa ndege linakhala pa tebulo ndi kampani miyezi iwiri. Wotitsogolera anali mayi Gwen Sorrell, kaputeni wamfupi wa mawu ngati wailesi yotsegula kwambiri. Mu Disembala anatiitanira mu holo ina pafupi ndi bwalo, tonse majekete ali pathupi chifukwa chotenthetsera chinali chitafa.

"Zimene tapeza ndi izi, ndipo musandiwombere m'manja," anatero. "Aliyense wa pamwamba amene asaine kuti apuma yekha pofika kumapeto kwa Januwale, apulumutsa mmodzi wa pansi, kuyambira 601 kumatsika. Mutu ndi mutu. A kampani amafuna kuti otsala ndi miyezi yochepa asawerengedwe, ife takana mpaka atopa. Kusaina kutha pa 15 Januwale."

Wina kumbuyo anafuula kuti madala akhuta kale, achoke. Mayi Gwen anavula magalasi.

"Amene wayankhulayo atseke pakamwa. Muno sitipempha munthu kuti achoke. Sitimuimbira foni, sitimuyang'ana ndi diso lachisoni, sitiuza mkazi wake. Nambala yake anaivutikira yekha. Ndikamva kuti wina wagogoda pa khomo la mkulu, athana ndi ine asanathane ndi kampani."

Ndinachita masamu anga ndili chikhalire: pankafunika anthu 18 kuti mzere undidutse. Lyle anandigunda ndi chigongono. "Akulu, inu 18, ine 19. Mayi anu akanangopirira miyezi isanu, bwenzi ndili ine patsogolo."

Tsono pali kanthu kamene tonse a kumchira timachita koma sitivomera. Timasunga kapepala ka masiku obadwa a anthu a pamwamba. Timadziwa tsiku limene aliyense adzakwanitse 65 kuposa mmene timadziwira masiku obadwa a abale athu. Ukakumana ndi mkulu akutsokomola umamufunira bwino ndithu, koma penapake m'mutu kamawu kena kamawerenga. Kanga kanali kopindidwa kanayi m'thumba la m'mbali la chikwama, ndipo mwezi umenewo ndinali nditakadzaza ndi inki yofiira: uyu asaina, uyu ndi wouma mtima, uyu ali ndi ana ku koleji. Pa dzina la a Orrin ndinalemba mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira nkhope imandiyaka: "Miyezi isanu ndi umodzi yokha. Akutaya chiyani?"

Sabata yoyamba ya Januwale ine ndi a Orrin tinanyamuka limodzi kupita ku Japan. Osaina anali atafika 14. Ukamapita kumadzulo nthawi imeneyo umathamangitsana ndi dzuwa, ndiye limakhala likulowa kwa maola ambiri osalowa, kumwamba konse kuli psuu, nyanja pansi itaundana mpaka kumene maso alekezera. A Orrin anali akundifotokozera za nkhanu zathu, kuti zikuganiza kuti zafa ndipo uku n'kumwamba. Ndinadzuka kukapanga khofi, iwo n'kundifunsa ngati ndili ndi cholembera.

"Onani m'thumba la m'mbali la chikwama changa," ndinatero, osaganiza n'komwe.

Pobwera ndi makapu awiri ndinawapeza atavala magalasi, kapepala kali m'manja, kuwala kofiira kuja kukuwamenya pankhope. Ndinafuna kunena kuti si kanga, kuti ndi nthabwala, kuti aliyense ali nako, koma iwo ndiwo anayamba kulankhula.

"Mwalakwitsa apa, mayi 618," anatero osandiyang'ana. "Ndinabadwa pa 19, osati pa 9. Mukundibera masiku khumi."

Anakonza ndi cholembera changa chomwe, n'kukapinda bwinobwino mmene kanalili, n'kukabwezera m'thumba. Khofi analandira, anathokoza. Maola anayi otsalawo tinalankhula za ntchito zokhazokha, mafuta, mphepo, njira yotsikira. Titatera sanatsanzike okwera. Chimenecho ndicho chinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Pa 14 osaina anali 17. Nambala 1 anali atanena poyera kuti madzi ake otsanzikira a mu Epulo sawasiya, ndipo palibe anamudzudzula. Ine ndinali nditayamba kulongedza mabuku m'makatoni. Pa 15 masana foni inalira, anali mayi Gwen.

"Mzere waima pa iwe, Corinne. Watsala pa ntchito. Wa 18 wasaina mphindi makumi awiri zapitazo."

"Ndani?"

"Sindiyenera kukuuza. Koma ndikufunse, ndipo undiyankhe zoona: unagogoda pa khomo la munthu?"

Ndinadula foni, ndinalowa m'galimoto, ndinakwera msewu woterera wopita kumapiri kumene a Orrin amakhala. Ndinali wokondwa, ndisaname, mtima unali kuvina. Ndipo ndinali wokwiya chifukwa cha kukondwako. Mayi Solveig ananditsegulira maso ali ofiira. Sanandipatse moni wambiri. "Ali kuseri," anatero, "akucheza ndi mphalapala."

Zinalidi choncho. Chinyama chachitali ngati khomo la galaja chinali kudya nthambi za mtengo wawo, iwo ataima chapatali atatsamira fosholo yochotsera chipale chofewa, akuchiuza kuti chisiyeko za chaka chamawa.

"A Kaputeni, sindinakupempheni," ndinayamba ndisanafike n'komwe. "Pitani mukafufute. Kapepala kaja ndinalemba ndili ndi mantha, sikanali koti muone. Mukufuna ndiziyenda ndi manyazi moyo wanga wonse?"

"Tsitsani mawu, mudzidzimutsa mlendo." Anandiyang'ana, ndevu zili ndi timadontho toundana. "Mukuganiza kuti kapepala munayamba ndinu? Kanga kanali kabuluu. Ndinakasunga zaka makumi awiri."

Kenako anapitiriza. "Panali Hal Brandvold. Ndiye anandiphunzitsa kutera pa mtsinje woundana, ndiye anandilembera kalata yondilowetsa pa kampani ino. Pamene ndinkadikira pa boti ankanditumizira magazini a ndege kuti ndisaiwale. Tsiku lina mtima wake unangoima ali mu hotela ku Taipei. A kampani anandiimbira foni m'mawa, ndili pa khomo lomweli. Mukudziwa chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga? 87. Ndinali 88, Hal ali pamwamba panga. Mtima unayamba wadumpha, kulira kunabwera pambuyo. Kanali kamphindi kochepa, koma ndakhala nako zaka zonsezi. Solveig yekha ndiye amadziwa."

"Ndiye mwasaina chifukwa cha a Hal?"

"Musandiyese mngelo, mayi. Ndadikira mpaka tsiku lomaliza, ndikupemphera kuti wina asaine m'malo mwanga. M'mawa uno ndaimbira Gwen katatu kufunsa ngati afika 18. Palibe wabwera. Ndiye ndinadzifunsa funso lanu lija, lakuti ndikutaya chiyani." Anaseka pang'ono. "Yankho lake ndi lakuti ndikutaya zambiri. Funso lanu linali lamwano, komanso munalakwitsa. Koma ndasaina."

Ndinalira pamenepo, misozi n'kumaundana m'masaya, ndikutukwana kuzizira kwa dziko lino. Iwo anandipatsa fosholo. "Poti mwabwera, malizani njirayi. Msana wanga ndi wa munthu wopuma ntchito."

Ulendo wawo wotsiriza unali pa 30 Januwale, kuchokera ku Japan, ndipo anapempha kuti ndikhale kumanja kwawo. Tinanyamula zida za makina ndi mabokosi a nsapato, katundu wosalotetsa n'komwe, koma iwo anapezamo nkhani ya mtsikana wa ku Ohio amene adzavale nsapatozo pa tsiku loyamba la ntchito. Tinafika ku Anchorage masana, kadzuwa kali pansi pafupi ndi mapiri ngati kakuchita manyazi. Kunazizira moti utsi wa m'nyumba unkangokwera choongoka. Nyengo yotero madzi sapopera, angaundane pa ndege ndi panjira pomwe. Magalimoto ozimitsa moto anabwerabe. Anaima uku ndi uku, mipope italoza kumwamba, youma, nyali zokha zikuphethira. Kuseri kwa mpanda kunali kamunthu kamodzi kovala jekete lofiira, pa malo amene kanasankhira mwezi wa Julaye.

A Orrin anachepetsa liwiro mpaka ndege inkangokwawa. Anatenga cholankhulira.

"Okwera athu okondedwa, tafika. Amene muli kumanzere, suzumirani pa windo, muona utawaleza. Amene muli kumanja, musadandaule, nanunso uli kwanuko. Zikomo poyenda nafe zaka zonsezi."

Kumbuyo kwa ndege ya katundu kulibe mawindo. Ine ndinayang'anabe kunja, kumanja kwanga, ndipo kwa kanthawi ndinaona ngati mpweya wozizirawo ukunyezimira mitundumitundu. Mwina anali maso anga onyowa.

Mndandanda watsopano unatuluka pa 1 Febuluwale. Unali ndi mayina 600, ndipo lomaliza linali langa. Pa nambala 3 panali munthu wina. A Orrin masiku ano amakonza kaboti kakale m'galaja, ndipo mayi Solveig amati m'mawa uliwonse amatsegulabe foni ngati akufuna kuona kanthu, kenako n'kuibweza m'thumba. Mu Juni, sabata imene akanakhala nambala 1, sindinawaimbire. Ndinalephera.

Lyle anapeza ntchito yoyendetsa galimoto yogawa mafuta otenthetsera nyumba ku Wasilla. Ndiye woyamba kudzaitanidwa kampani ikadzafuna munthu, ngati idzafune. Anandiimbira chakumapeto kwa Malichi, injini ikulira kumbuyo kwake.

"Akulu, muli bwanji kumchirako? Mphepo ikuwomba?"

"Ikuwomba. Iwe ukununkha mafuta mpaka pa foni."

"Tamverani. Kapepala kanu kaja, ka masiku obadwa. Kanga kanatsala m'kabati ya kuntchito. Tanditumizireni."

"Ndinakawotcha, Lyle." Ndinkanena zoona, ndinakaponya m'mbaula tsiku lomwe ndinachokera kwa a Orrin.

"Chabwino," anatero. "Ndimangofuna ndidziwe kuti wotsatira ndani."

"Pa 11 Epulo," ndinayankha ndisanaganize. "Kenako pa 30 Meyi. Kenako pa 19 Julaye, koma ameneyo anachoka kale."

"Pitirizani," anatero Lyle. "Ndapeza cholembera."

Ndinapitiriza mpaka Disembala wa chaka chinacho, osaphonya ngakhale tsiku limodzi.